Chingwe cha Nduna Mawanga

Padangotero, kale nyama zikadali kuitanana mayina, m'dziko lina mudali Gologolo wamkazi dzina lake Nachanza. Thupi lake lidali lochepa, koma m'mutu ndi pakamwa simunkachepa ayi.

Masiku amenewo ana a nyama sankayenda mitunda kukafuna nzeru. Akangaude adali ataluka ulusi wautali wolumikiza midzi yonse, ndipo mphunzitsi aliyense adali ndi ulusi wakewake. Akayankhula ali pakhomo pake, mawu ankayenda mu ulusimo mpaka kumidzi. Mwana ankangomangirira chigoba cha nkhono kunsonga ya ulusi wa mphunzitsi amene wamufuna, n'kuika kukhutu. Akafuna kufunsa, ankayankhulira m'chigoba chomwecho. A Nkhwali ankaphunzitsa za misampha, mapazi a zilombo ndi zakudya zakupha. A Chule ankaphunzitsa za mvula. Ngakhale Chiswe, amene mawu ake ndi a manong'onong'o, adali ndi ulusi wake wa zomangamanga, ndipo unkamveka bwino ngati wa wina aliyense. Akangaude poluka adasiya lamulo limodzi lokha, lakuti ulusi sufunsa dzina la woyankhula.

Ulusi wonsewo unkadutsa pamphanda pa mkuyu umodzi usanamwazikire kumidzi. Pamenepo nyama zidaikapo Nyani, dzina lake Chagunda, kuti akhale kapitawo. Ntchito yake idali yochotsa masamba ndi tizitsotso togwera pa ulusi, basi.

Tsiku lina mwana wa Nachanza wotsiriza, Kamtedza, adafika pakhomo akudzandira, thovu lili kukamwa.

"Wadya chiyani iwe?"

"Bowa wofiira uja, amayi."

"Wofiira? Wakuuza ndani?"

"Aphunzitsi a Nkhwali. Ati mudye bowa wofiira wa madontho."

Nachanza sadafunsenso. Adamumwetsa muzu wosanzitsa, mwana adasanza mpaka kuwongoka, ndipo atangoona kuti maso abwerera, mayiyo adaliyatsa liwiro la kwa a Nkhwali.

"Aphunzitsi, mwayamba kutiphera ana?"

"Make Kamtedza, khalani pansi kaye. Ndatani ine?"

Atamva nkhaniyo, a Nkhwali adagwira pakamwa. "Ine ndidati musadye! Musadye! Ndidachita kubwereza."

Nachanza adabwerera kwawo, natenga chigoba cha mwana wake n'kumvetsera yekha. Zidali zoona. Mawu a a Nkhwali ankafika modukaduka ngati a munthu amene wina wamugwira pakhosi, ndipo timawu tina tinkatsalira panjira. Adayesa ulusi wa a Chule, chimodzimodzi. Wa Chiswe ndiye kudali zii. Ulusi umodzi wokha ndi umene unkamveka bwino, watsopano, wopakidwa katondo wofiira. Umenewu udali wa Kambuku, dzina lake Mawanga, nduna ya mfumu Mkango. Mfumuyo idali itakalamba, inkangokhalira kugona, ndiye zambiri ankayendetsa ndi Mawanga. Tsopano adali atatsegula sukulu yake, yoti ndi ya kulimba mtima.

"Ana anga," mawu ake ankatero mosalala ngati mafuta, "udzu ukagwedezeka musathawe, kuthawa n'kwa amantha. Wofuna kukhoza mayeso abwere yekha kudziwe masana, asauze amake. Musaope. Ine sindidya ana."

Ana ambiri, atatopa ndi mawu odukaduka, adali atasamukira kumeneko. Mwana wa Gwape adali atapita kale kukayesedwa, ndipo adabwerako khutu lina litatsala theka. Anthu ankati wapulumukira mkamwa mwa mbuzi, koma make ankati ayi, mkamwa mwa nduna.

Nachanza adapita kumkuyu kuja. Adapeza Chagunda atakhala pamphanda, makoko a nthochi ali mbwee pansi, uchi ukuyenderera kuchibwano. Phazi lake lidali litafumbata ulusi wonse, kupatula wofiira uja.

"Mwaswera bwanji, a Kapitawo?"

"Taswera bwino, kaya inu mayi."

"Taswera. Kodi ulusi wa aphunzitsi athu ukudwala chiyani?"

"Ukalamba, mayi. Komanso mphepo."

"Mphepo yake ndi yaulemu bwanji! Ikafika pa ulusi wa a Nduna imachita kugwada. Nanga zala zanu zakuphazizo zikutani?"

"Zikupuma."

"Zikupumira pa ulusi?"

Chagunda adanyambita chala, nayang'ana kumbali. "Tamverani, mayi. Ine sindidaletse munthu kuyankhula. A Nkhwali akuyankhula, a Chule akuyankhula. Ine ndimangoonetsetsa kuti wachangu adutse kaye. A Nduna amandikumbukira ine. Aphunzitsi anuwo nawonso abwere ndi kangachepe, muona, ulusi wawo uchira."

"A Nkhwali uchi autenga kuti? Nanga Chiswe nthochi aisenza bwanji?"

"Zimenezo si za kapitawo."

Nachanza adatsazika mwaulemu wonse, natsika. Kulimbana ndi Nyani ndi manja sakadatha. Koma chinthu chimodzi ankachidziwa, monga ankachidziwira wina aliyense: Nyani ndi gule sasiyana.

M'mawa mwake, nthawi ya maphunziro itakwana, adafika patsinde pa mkuyu ndi amayi anzake, make Gwape, Nkhanga ndi ambewa angapo. Adapanga bwalo, nayamba chitelele. Nyimbo yake adaipeka yekha Nachanza panjira. Wotsogolera ankafunsa kuti njira ya pamkuyu mwini wake ndani, ndipo ovomera ankayankha kuti ulusi sufunsa dzina, umanyamula wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Idali nyimbo yaifupi, yobwerezabwereza, yoomba m'manja mothamanga, ya mtundu uja umene ukalowa m'khutu sutuluka.

Chagunda adayamba ndi kugwedeza mutu. Kenaka mapewa. Adaluma mano, nayang'ana kumwamba, koma chiuno chidamukanika. Nkhanga ataimba nthungululu, kapitawo adangoti jowu! Adaimirira pamphanda, akuomba m'manja ndi m'mapazi momwe, ulusi wonse atautaya.

Tsiku limenelo ana adamva phunziro la a Nkhwali lonse lathunthu, la momwe phazi la kambuku limasiyanirana ndi la fisi. A Chule nawo adamaliza nkhani ya mitambo imene idawakanika kwa masiku ambiri. Amayi aja adabweranso mawa lake, ndi mkuja womwe, ndipo Chagunda ankavina mpaka thukuta kamukamu.

Mawanga adadikira kudziwe, koma sikudabwere mwana. Atafufuza, adamva za gule wa pamkuyu, ndipo adapita yekha.

"Chagunda, nthochi zanga ukudyera kuvina?"

"Bwana, si ine, ndi miyendoyi."

Mawanga adatenga phula la njuchi, namutseka nalo makutu onse awiri. Asanatseke lachiwiri adamuuza kuti, "Akabwera amayiwo, utsinzine. Usamve, usaone. Wofiira uusiye, wina uliwonse uutsine. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

"Kumva kwako kwathera pomwepa."

Amayi atabwera, adaimba mpaka mawu kusasa, koma Chagunda adangokhala ngati chitsa, maso atatsinzina, phazi litagwira gwa! Make Gwape adakhala pansi.

"Zatikanika, amnzanga. Tiyeni tizipita."

"Imbanibe," adatero Nachanza. "Musasiye mpaka nditabwera."

Adathamangira kuchithaphwi, naviika mchira wake m'madzi, nafumbata katondo m'manja. Kenaka adakwera mkuyu, iye akutsogolera nyimbo yomwe ija ya ulusi wosafunsa dzina, anzake pansi akuvomera. Adafika pamphuno penipeni pa kapitawo, koma uyo sadamve, sadaone. Ndi mchira wonyowawo adapukuta ulusi wa Mawanga mpaka udayera. Kenaka adafuna wa a Nkhwali, naupaka katondo uku ndi uko kwa phazi la Chagunda. Atatha adatsika, nauza anzake kuti abalalike.

Patapita kanthawi Chagunda adatsegula diso limodzi. Amayi kulibe. Adatsegula lachiwiri, nayang'ana kuphazi, naona ulusi wofiira uli m'zala zake.

"Mayo ine! Ndatsina wa bwana!"

Mofulumira adamasula wofiirawo, nagwira woyera uja n'kuufumbata pamodzi ndi unzake, mwamphamvu kuposa kale.

Masana amenewo Mawanga adakonza pakhosi, nayamba phunziro lake monga mwa masiku onse. Koma kumidzi mawu ake adafika atabooka.

"Mu... ope, ana anga. Mu... ope. Ine ... ndidya ana."

Ana adataya zigoba n'kuthawira kwa amawo. Akuluakulu adazitola, namvetsera, ndipo m'midzi yonse mudabuka chikhakhali. Nkhanga adaseka mpaka kugubuduka, akuti sadamvepo nduna ikunena chilungamo chotere.

Nachanza adapita kwa a Nkhwali mchira uli m'mwamba.

"Aphunzitsi, mwaona? Tsopano inu nokha ndi amene mukumveka dziko lonse."

"Ndaona, make Kamtedza, ndipo zikomo. Koma a Chule akadali m'phazi mwa Chagunda. Mvula yayandikira, ana sakumva za madzi osefukira."

"Mawa ndikapakanso wawo."

"Nanga wa Chiswe?"

"Nawonso."

"Nanga wa Mawanga?"

"Ameneyo atsinidwe mpaka tsiku la imfa yake."

A Nkhwali adapukusa mutu. "Ayi, mayi. Ine ndikufuna ana amve bodza lake lonse, kenaka amve yankho langa lonse, asankhe okha. Mwana amene sadanunkhizepo bodza sangalizindikire akakumana nalo patchire ali yekha. Komanso taganizani. Lero katondo ali kumchira kwanu, ndiye tikusangalala. Mawa akakhala kumchira kwa wina, tidzalira kwa yani?"

"Ndiye ndavutikira chabe?"

"Simudavutikire chabe. Koma mwasintha wotsinidwa, kutsina kukadalipo."

Nachanza adachoka osatsazika bwino. Ankayembekeza nthungululu, osati phunziro. Komabe mawuwo adamutsata mpaka kunyumba, ndipo pamene ankasenda mtedza wa ana, adapezeka akuvomereza yekha ndi mutu.

Nthawi yoganiza idali yochepa. Madzulo omwewo Mawanga adafika pamkuyu, namuomba Chagunda khofi limene lidatulutsa phula m'makutu onse awiri. Adabwezera katondo pa ulusi wake, nalengeza kuti zotsinatsina zamutopetsa, mwezi ukangooneka adula ulusi wa aphunzitsi onse, utsale wake wokha.

Nachanza adapita kwa mkulu wa akangaude, mayi wachete dzina lake Nangondo.

"Achemwali, ndifunseko. Mutati mupote ulusi wonse pamodzi ukhale chingwe chimodzi, mawu angasakanikirane?"

"Ayi. Ulusi uliwonse umasunga mawu ake, ngakhale utagona pa unzake."

"Nanga wina atafuna kumasula?"

"Ulusi wathu uli ndi ulimbo. Tikapota, tapota."

"Ndiye bwanji simudapote kale?"

"Poyamba padalibe chifukwa, aliyense ankasunga lamulo. Lero chifukwa chilipo, koma tikangokwera pamkuyu popanda mawu a Nduna, Chagunda atiphwanya ndi chala chimodzi."

"Mawu a Nduna ndikakutengerani ine."

Nangondo adamuyang'ana ndi maso ake onse. "Inu? Kwa Mawanga? Ana anu mwawasiyira yani?"

"Inu konzani miyendo basi."

Adamupeza Mawanga atagona pamthunzi, nkhope ili ndwii. Nachanza sadafike pansi. Adakhala pamtengo, pamwamba pake.

"Odi, bwana!"

"Ndani? Oo, ndiwe. Tsika tikambirane bwino."

"Mwendo, bwana. Pokwera umalola, potsika umakana."

"Mchira wakowo wafiira ndi chiyani?"

Nachanza sadachedwe kuyankha. "Ndi mtundu wa sukulu yanu, bwana. Ndidadzipaka kuti anthu adziwe kumene ndili. N'chifukwa chake zadzulo zija zandiwawa. Nduna yathunthu kusekedwa ndi nkhanga!"

Mawanga adabuula. "Mwezi ukaoneka ndidula onse."

"Mungathe, bwana, ndani angakuletseni? Koma anthu adzati a Nduna adaopa nkhwali, kambalame kongokwana pakamwa kamodzi. Ndiponso vuto silikhala litatha. Ulusi wanu ndi wowonda ngati wa Chule. Chizindikiro chake ndi dothi, loti mvula ikhoza kutsuka, wansanje akhoza kupukuta. Kodi zimenezo n'zoyenera nduna?"

Mawanga adakweza mutu. "Nena."

"Akangaude apote chingwe. Ulusi wanu ukhale m'kati, wa aphunzitsi enawo uukulunge ngati alonda, kuyambira kutali musanafike pamkuyu mpaka kumidzi. Chala cha munthu sichidzaukhudzanso. Chingwe chonenepa ngati dzanja lanulo, choonekera patali, ndipo dzina lake lidzakhala Chingwe cha Mawanga."

"Chingwe cha Mawanga," Kambuku adabwereza pang'onopang'ono, ngati akulawa. Kenaka adatsinzina diso limodzi. "Nanga Nkhwali? Mawu ake atani?"

"Bwana, ulusi wake ukhala utasenza wanu. Mudamuonapo wosenza katundu akuimba bwino?"

Mawanga adaseka mpaka mchira kumenya pansi.

"Koma chinthu chimodzi," Nachanza adapitiriza. "Ansanje ndi ambiri. Chingwe chotere chimafuna lumbiro, pamaso pa mfumu ndi anthu onse, kuti wina asadzachiyandikire."

"Zimenezo usandiphunzitse, ndimazidziwa."

Tsiku lopota litafika, nyama zonse zidasonkhana pamkuyu. Ngakhale mfumu Mkango adadzutsidwa, nabwera atatsamira pa Njati. Akangaude adakwera ochuluka ngati mchenga, Nangondo ali patsogolo, nayamba kupota, uyu akulowa pansi, uyo akutulukira pamwamba. Popota ankaimba, ndipo nyimbo yake idali yomwe ija. Nachanza ankafunsa mwini njira ya pamkuyu, akangaude ndi amayi n'kumavomera za ulusi wosafunsa dzina. Mawanga ankangomva funsolo, n'kumaloza pachifuwa pake, mutu ukugwedezeka.

Chagunda adamuyandikira. "Bwana, nyimboyi ndikuidziwa ine. Ndi ija..."

"Khala chete, gonthi iwe. Ukudziwa chiyani za nyimbo?"

Dzuwa lisanapendeke chingwe chidali chitatha, choyera, chonyezimira, chonenepa monga adalonjezera Nachanza. Mawanga adaima pakati pa bwalo, nakweza dzanja.

"Tamverani nonse! Ichi ndi Chingwe cha Mawanga. Aliyense wochitsina, wochidula kapena wochimasula achoke m'dziko muno, ndipo womupirikitsa ndikhala ine ndemwe."

"Pepani bwana," adatero Nachanza ali pamwamba, "ife akutali sitidamve bwino. Aliyense?"

"Aliyense!"

"Ngakhale kapitawo?"

"Ngakhale kapitawo!"

"Ngakhale nduna?"

"Ngakhale nduna! Wagontha nawenso?"

Mfumu Mkango adatsegula maso. "Tamva," adatero. "Mawu amenewo akhale." Ndipo adagonanso.

M'mawa mwake Nachanza adadzuka ana asanadzuke, natenga chigoba. Zonsezi adali atazikhulupirira pa mawu a Nangondo okha. Adaika chigoba pa ulusi wa a Nkhwali. Mawu adabwera athunthu, ngati aphunzitsiwo ali pakhomo pomwepo. Adayesa wa a Chule, bwinobwino. Adayesa wa Chiswe, ndipo adamva kanong'onong'o kaja kakufotokoza za kukanda dothi. Pomaliza adayesa wa Mawanga, nawonso udali bwino lomwe. Nachanza adakhala pansi, napuma mpweya wautali, kenaka adadzutsa ana.

Mawanga naye adatenga chigoba kuti amve momwe Nkhwali akubanikira ndi katundu. Zimene adamva zidamuimitsa ubweya. Adathamangira kumkuyu.

"Chagunda! Tsina wa Nkhwali!"

Chagunda adazungulira chingwe, nachiyang'ana pamwamba, nachiyang'ana pansi. "Bwana, wa Nkhwali ndi uti?"

"Ufune!"

"Onse akufanana, bwana. Uwu walowa apa, watulukira apo, walowanso. Ndikatsina, nditsina onse, ndi wanu womwe. Ndiye paja mudalumbira..."

Mawanga adatulutsa zikhadabo, nakweza dzanja pa chingwe. Atayang'ana pansi adaona Njati, Gwape, Nkhanga ndi ena ambiri atabwera kudzasirira chingwe chatsopano, onse maso ali pa dzanja lakelo.

"Mwadzuka bwanji, eni chingwe?" adatero Njati modekha.

Dzanja lidakhala m'mwamba kanthawi. Kenaka Mawanga adabweza zikhadabo, nachotsa katsamba kamene kadagwera pachingwepo.

"Ndimaona ngati chili bwino," adatero.

"Chili bwino, bwana. Mulungu akusungeni."

Kuyambira tsiku limenelo maphunziro adakoma kuposa kale, chifukwa aphunzitsi adayamba kumverana ndi kuyankhana. Mawanga akati udzu ukagwedezeka musathawe, a Nkhwali pa ulusi wawo ankati, "Ana anga, mwamva zimene anena a Nduna. Tsopano tiyeni tione kuti zimene zimagwedeza udzu ndi ziti." Ana ankasuntha zigoba uku ndi uko, n'kumakangana okhaokha mpaka nthawi ya chakudya. Ngakhale a Chule ndi Chiswe adatsutsana kwa masiku angapo pa nkhani ya dothi lonyowa, ndipo ana adaphunzira zambiri pa mkanganowo kuposa chaka chonse chapitacho. Kudziwe masana sikudapitenso mwana.

Chagunda adabwerera kuntchito yake yochotsa masamba. Adawonda pang'ono, koma ankati tulo akugona tabwino. Tsiku lina Fisi adabwera mozemba ndi chisa cha uchi, akufuna kuti ulusi wake wa zamaloto uziyenda patsogolo. Chagunda adangomulozera kumbuyo. Fisi atatembenuka adaona Mawanga akubwera, ndipo adathamangitsidwa mpaka kutsidya. Nduna idali itazolowera kupatsidwa moni wa eni chingwe, ndipo sinkafuna kuti wina aipitse dzina lake.

Chimene chinkamuwawa Mawanga chidali chimodzi: ankayankhula yekha, popanda womvera. Adapirira mwezi umodzi, wachiwiri, kenaka m'mawa wina adakonza pakhosi nati, "Sukulu ya kulimba mtima yatsekedwa. Kuyambira lero ndiphunzitsa kukwera mitengo."

Zimenezo ndiye ankazidziwadi. Ana adabwera mmodzimmodzi, kenaka ambiri, pakuti kumvera kambuku uli kwanu, iye ali kwawo, kulibe choopsa. Adawaphunzitsa poponda, pogwira, ndi momwe ungadziwire khungwa loterera. Nachanza nayenso ankamvetsera, ali pakhomo pake akusenda mtedza, chigoba atachipanira ndi phewa.

"Mukafika pamwamba," Mawanga adatero tsiku lina, "musankhe nthambi yonenepa, yolimba. Yowonda ndi ya zitsiru."

Nachanza adalavula khoko, nayandikitsa chigoba kukamwa.

"Aphunzitsi, ndatsutsa."

"Ndani ameneyo?"

"Ndine make Kamtedza."

Kudamveka kubuula. "Nenani, mayi."

"Ana ang'onoang'ono azisankha nthambi yowonda."

"Chifukwa?"

"Chifukwa yonenepayo mumafikako inu."

Ana adagwira zigoba ndi manja awiri. A Nkhwali, amene ankamvetsera ali kwawo, adaleka kujompha. Mu ulusi mudamveka kulira kwa pansipansi, kwa m'mimba mwa kambuku, kudakwera, kudakwera, kenaka kudasweka n'kukhala kuseka.

"Ana anga," adatero Mawanga atapuma, "amayiwo akunena zoona. Ine ndimaphunzitsa za akambuku. Inu a thupi lochepa, tsatani zawozo. Tipitirize."

Nachanza adatola mtedza wina, naupatsa Kamtedza, ndipo phunziro lidapitirira.

Nthano yanga yafika pamfundo. Kaphuleni chinangwa chija, chingapserere.